Khonde la a Shabani

Sitolo yakale ya pa Namadzi inali yoti ukayetsemula pafupi, dothi limayoyoka m'khoma. Anaimanga mzungu wa fodya, kenako inagwa m'manja mwa mmwenye, ndipo mmwenyeyo atasamukira ku Limbe mkatimo munadzaza mileme. Munthu amene anatsalapo anali a Shabani, telala wa pakhonde. Ine ndinkagulitsa tomato tsidya la msewu, ndiye zonse ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima.

M'chaka cha 1988 kunabwera amuna awiri ndi chitini cha penti yofiira. Anapaka chizindikiro pachitseko, n'kunena kuti nyumbayo yatha ntchito, igwetsedwa kuti pamangidwe golosale yamakono.

"Nanga ine ndikasokera kuti?" anafunsa a Shabani. "Maukwati onse a kuno mpaka ku Njuli adutsa pakhonde pano!"

Amunawo anangoti iwo ndi otumidwa.

A Shabani sanagonje. Anamva kuti m'tauni muli ofesi ina yoteteza zinthu zakale, ndipo anailembera makalata asanu ndi awiri. Akazi awo, a Sakina, ankati akungotha mapepala. Koma tsiku lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, panaima galimoto, n'kutsikamo bambo wovala jekete yaubweya, dzina lawo a Greyson.

Bamboyu ntchito ankaidziwa mopitirira muyeso. Anagogoda khoma, ananunkhiza njerwa, ina anachita kuinyambita. Kenako analengeza kuti nyumbayo ndi ya 1921, munthu asaikhudze. Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse chopitirira zaka makumi asanu chisungidwe, chocheperapo chichotsedwe, kuti nyumba ioneke monga inalili kale. Mng'alu wa kumbuyo anauyeza n'kupeza kuti ndi wakale, choncho usamatidwe. Milemenso anati isasokonezedwe, chifukwa makolo ake analowamo kudenga nyumba isanaume.

Tinaomba m'manja. A Sakina anathamangira thobwa. A Shabani chimwemwe chinawakwera kumutu, ndipo pakamwa panayamba kuthamanga.

"Bwana, mwayang'ana bwino nsanamirazi? Khonde lonseli ndinamanga ndine, ndi manja angawa. Mmwenye anangogula malata."

Cholembera cha a Greyson chinaima.

"Liti?"

"Mu 1952. Onani, silinapendekeke ngakhale pang'ono."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi," anatero a Greyson, nkhope itagwa ngati ali pamaliro. "Pepani, achimwene. Khonde lanuli ndi lachibwana. Likutchinga mbiri."

Ndinasiya tomato wanga n'kuwoloka msewu. Ndinawauza a Greyson kuti a Shabani ndi amene analemba makalata, kuti popanda iwo nyumbayo ikanakhala mulu wa njerwa. A Greyson anavomera zonse, anawathokoza a Shabani m'malo mwa dziko, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Sabata yake kunabwera amuna aja a penti yofiira, tsopano atanyamula nyundo. Nyumba yoti aigwetse ija anaiyenda monyang'ama, koma khonde loti silinawalakwire analiphwasula dzuwa lisanafike pamutu.

Atatha, a Greyson anawayang'ana a Shabani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo munabadwa liti?"

"Chaka cha 1931."

"Ndiye mwapitirira! Inu mukhala. Pomwe mumakhalapo pomwepo, tsiku lililonse. Alendo aziona nyumba ndi munthu wake."

Kwa kanthawi nkhope ya a Shabani inawala. Anakoka mpando wawo, n'kuyamba kukankhira makina osokera pamalo ake.

"Makinawo ndi a liti?" anafunsa a Greyson.

Munthu wopemphera ngati a Shabani bodza linkawavuta, komanso chaka chinali cholembedwa pachitsulo: 1960. Makina anawanyamulira kunyumba. A Sakina anafuna kukalipa, koma atawafunsa zaka zawo zinapezeka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anauzidwa kuti chakudya cha amuna awo azipereka ataima kunja kwa waya.

Inde, anazunguliza waya, n'kukhoma chikwangwani. A Shabani anapatsidwa pepala la chidindo lonena kuti akachokapo ndiye kuti awononga chuma cha dziko. Masiku amenewo pepala la chidindo sunkalifunsa mafunso.

Alendo aja sitinawaone. Golosale inamangidwa poteropo, ndipo pakhonde pake panakhala telala wina. Akwati onse anapita kumeneko. Ena ankati a Shabani azisoka madzulo kunyumba, koma munthu wawauka padzuwa tsiku lonse maso ake angaonenso bowo la singano?

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa ndinawapititsira thumba la feteleza kuti afunde kumutu. Ndinawapeza atakhala pampando paja, madzi akutsika m'chipewa, kumbuyo kwawo nyumba ili chiimire ndi mng'alu wake ndi mileme yake, zonse zotetezedwa. Ndinawaitana kawiri osandimva. Manja anali pamaondo, maso ali patsogolo pomwe pankakhala singano, ndipo pansi m'matopemo mapazi awo ankapalasa okha, kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo.