Utuchi M'diso la Rafaelo

Ntchito ya macheka ndi ya anthu awiri. Wina amaima pamwamba pa chipika, mnzake m'dzenje, ndipo akapanda kumvana macheka amakana. Dziwani ndi Rafaelo ankamvana. Dziwani asanakoke, Rafaelo amakhala atalekerera kale, ngati kuti ankapuma ndi chifuwa chimodzi.

Chaka chotsatira mavoti a matipate, a Vinsenti, eni shedi ya matabwa pa Chimbiya, ankafuna ocheka awiri. Mbatata kwawo kwa Dziwani ku Mphunzi inali itapsa ndi chiwawu, choncho ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Komanso olembedwa ntchito ankapatsidwa kanyumba kuseri kwa shedi. Kanyumbako Dziwani anali atakakonza kale m'maganizo: mphasa imodzi ya iye ndi Rafaelo, wailesi pawindo, chitseko chotseka okha. Kudikira kunali kutamukwana.

"Pano sitifunsa mapepala," anatero a Vinsenti m'mawa umene awiriwo anafika pa shedi, chifunga chikadali m'mapiri. "Chekani thabwa limodzi ndione."

Dziwani ndi Rafaelo anamenya chingwe chopaka makala pa chipika cha paini, mzere wakuda n'kutsala. Macheka anayamba kuimba. Thabwa linatuluka lowongoka, lonunkhira utomoni.

Rafaelo anatuluka m'dzenje akutikita diso. Wapansi ndiye amalandira utuchi wonse, ndipo wapamwamba amamuuzira m'diso. Ocheka onse amatero, palibe amadabwa. Dziwani anamugwira masaya n'kuuzira. Kachitsotso kanachoka, koma manja sanachoke. Chala chake chinayenda pang'onopang'ono, kusesa utuchi pansidze, ndipo Rafaelo anatsinzina akumwetulira. Anaiwala kuti sali kuthengo.

A Vinsenti anatsokomola.

"Thabwa ndi labwino," anatero mosakweza mawu. "Koma zimene anthu amanena za inu awiri, ine ndinkayesa miseche. Iwe Dziwani ndikulemba. M'dzenje azilowa mphwanga Alufeo."

"Nanga Rafaelo walakwanji, bambo?"

"Sanandilakwire kanthu. Koma shedi ndi yanga. Si paja tinavotera ufulu? Wanga ndi umenewu, ndimalemba amene ndamufuna. Anthu amene amagula matabwa pano ndimapemphera nawo, mwana wanga. Akamva, adzapita kwina."

Analowa mu shedi kuti awapatse mpata. Pamsewu minibasi inaima, amayi ogulitsa kabichi n'kuithamangira.

"Vomera, iwe," ananong'ona Rafaelo. "Mayi ako adya chiyani? Ine ndizikagwira maganyu m'madimba ku Kasina."

"Ndiye Alufeoyo ndizimuuzira m'diso?"

"Uzimuthira madzi a m'chitini."

Anaseka onse, koma kuseka kwake kunatha msanga. Dziwani anayang'ana kanyumba kaja. Chitseko chake chinali chobiriwira, monga momwe ankachiganizira. Akavomera, akagonamo ndi munthu wina, ndipo akabwerera kumudzi Loweruka ngati mlendo. Akakana, ayamba kuyendanso m'midzi kufunsa amene ali ndi mtengo woti agwetse, pena kubwerako chimanjamanja.

A Vinsenti atatuluka, anapeza Dziwani akumasula zogwirira za macheka amene iye ndi Rafaelo anabwera nawo.

"Zikomo, bambo. Timacheka awiri."

"Waganiza bwino?"

"Mwina ayi."

A Vinsenti anagwedeza mutu, osakwiya, n'kukokera thabwa lija mu shedi.

"Ndiwe chitsiru," anatero Rafaelo atafika pamsewu, diso likutulukabe misozi.

"Eya. Nyamula mbali yako."

Anasenza macheka paphewa, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kulowa njira ya ku Mphunzi. Chitsulocho chinkanjenjemera pakati pawo mpaka mapazi awo atagwirizana.