Zenera Lakuda la a Kadontho

"Kompyutayi ndidzaitenga Loweruka, mlamu," anatero akulu ake a malemu, ataima pakhomo la chipinda chogwirira ntchito, chipewa chili m'manja. "Ikakhala muno ingodya fumbi."

Aphunzitsi ankapinda malaya a amuna awo. Anapuma ntchito zaka zisanu zapitazo, koma dzina la Aphunzitsi linawakanirira. Tsopano panali patapita masiku anayi chiikire maliro.

"Muli ntchito za anthu m'menemo, alamu."

"Mwini ntchitoyo wapita. Ya ku ofesi kwathu inafa kalekale. Katswiri wathu adzafufuta zonse, iyambe ngati yatsopano." Anavala chipewa chija. "Mng'ono wanga sakanandikaniza."

Zimenezo zinali zoona. Malemu sankadziwa kukana.

Ntchito yawo inali yokonza zithunzi zakale: zong'ambika, zonyowa, zodyedwa ndi mphemvu. Ankazilowetsa m'kompyuta n'kumazisoka pang'onopang'ono, kadontho ndi kadontho, mpaka anthu anangowatcha a Kadontho. Zaka zonsezo Aphunzitsi ankangoona msana wawo, wowerama pa tebulo, ndi tiyi akuzizira pambali.

Nyumba inali itatsala yokhayokha. Abale anabalalika, mipando yobwereka inabwezedwa, ndipo mwana wawo wamkazi, namwino, anabwerera kutali kumene amagwira ntchito. Aphunzitsi ankapezeka atatsuka makapu awiri pomwe womwera ndi mmodzi.

Lachinayi m'mawa kunabwera mayi wina wachikulire, telala wa kumsika. Anapepesa maliro, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, akupotokola lamba wa chikwama chawo.

"Ndikuchita manyazi, mayi, kubwera ndi zanga pa nthawi ngati ino."

"Nenani, Atelala."

"Mwana wanga anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Papita zaka makumi atatu. Chithunzi chake chinali chimodzi chokha, ndipo denga litadontha chinamatirira ku galasi la fulemu. A Kadontho anakwanitsa kuchilowetsa m'makina mwawo, koma pochichotsa pa galasi chinayoyoka ine ndikuona. Anandiimbira kuti zatheka, ndibwere. Ndinati ndimalize kaye mayunifolomu a ana a sukulu. Ndinachedwa ine."

"Bwerani mawa masana," anatero Aphunzitsi, asakudziwa kuti ayambira pati.

Atelala atapita, anayatsa kompyuta ija. Kulemba kalata ankatha, ndiye kufufuza dzina sikunawavute. Anaipeza fayilo yolembedwa kuti mwana wa telala.tif. Sanaitsegule. Sanafune kumuona mwanayo mayi ake asanamuone. Anangoikopera mu fulashi n'kupita ku shopu yotsukira zithunzi.

Wotsuka zithunzi anapukusa mutu. "Makina athu mtundu uwu sauwerenga, mayi. Amafuna JPG. A Kadontho ankasunga mu TIF kuti pasatayike kanthu, koma pobwera kuno ankayamba asintha."

"Inu simungasinthe?"

"Ine ndimangodina batani lobiriwirali. Yemwe amadziwa abwera Lolemba."

Lolemba kompyuta idzakhala itapita, ndipo munali zithunzi za anthu enanso ambiri. Ali pa msewu anaimbira mwana wawo.

"Ababa ankachitira pa zenera lakuda lija, Amayi, lolembamo mawu okhaokha. Ine sindinaphunzire. Pepani, ndili ndi wodwala, ndikuimbirani."

Foni inaduka. Aphunzitsi anaima kaye pansi pa khonde la sitolo ina, anthu akuwadutsa uku ndi uku.

Lachisanu m'mawa anatsegula dirowa ya tebulo la malemu. Pansi pa magalasi akale ndi maburashi opukutira fumbi panali kope la sukulu, limodzi la makope awo omwe, lomwe linasowa zaka zambiri zapitazo. "Wakuba iwe," anatero mokweza, kenako anadzidzimuka ndi mawu awo omwe m'chipinda chopanda munthu.

M'kopemo a Kadontho ankadzilembera okha, ndi zilembo zawo zopendekeka. Tsamba lachitatu linati: "Kusintha mtundu wa chithunzi. Tsegula zenera lakuda. Lemba magick, dzina lakale, dzina latsopano. Dina Enter."

Anakhala pa mpando wa malemu, womwe unali utalowa pakati molingana ndi thupi la munthu wina. Zenera lakuda linatseguka, kamzere koyera kakuphethira ngati kakudikira yankho la mwana wa sukulu. Analemba ndi chala chimodzi:

magick mwana wa telala.tif mwana.jpg

Kompyuta inalavula mizere yachingerezi. Inati chithunzi chotchedwa "mwana" kulibe. Aphunzitsi anaweramira pafupi. Kodi afufuta? Anayang'ana m'ndandanda: fayilo inalipo. Analembanso, chilembo ndi chilembo, monga ankawauzira ana pa bolodi. Yankho linali lomwelo. Zaka makumi atatu akuthetha zolakwa za ena ndi cholembera chofiira, lero makina ankawathetha iwo.

Anavula magalasi n'kutsamira. Kunja wina ankakhoma misomali. Akanakhala masiku ena akanangoitana, munthu n'kuyankha kuchokera kubafa kuti akubwera.

Atavalanso magalasi anaona timawu tating'ono m'mphepete mwa tsambalo: "Nkhalamba iwe, dzina likakhala ndi mipata uliveke timakutu uku ndi uku. Waiwala kangati?"

Anaseka, misozi ikutsika. Anafufuza pa mabatani mpaka anatipeza timakututo.

magick "mwana wa telala.tif" mwana.jpg

Anadina Enter. Sipanatuluke liwu lililonse. Kamzere koyera kanangotsikira pansi n'kupitiriza kuphethira. Anabwerera ku kope. Mzere womaliza unati: "Ikakhala chete ndiye kuti zatheka."

"Ngati mwini wake," ananong'ona Aphunzitsi.

Tsamba lotsatira linali ndi lamulo losinthira zithunzi zonse nthawi imodzi, ndi mawu akuti zakale sizifufutika, usaope. Analemba mogrify -format jpg *.tif, ndipo kompyuta inang'ung'udza nthawi yaitali ndithu. Mayina atsopano anayamba kuonekera m'ndandanda: agogo a dalaivala, ukwati wa wometa, mapasa a mzamba. Ena mwa anthuwo ankawadziwa. Ambiri ayi.

Anatenga foni.

"Alamu, mawa musavutike kubwera."

"Bwanji, mlamu? Tinagwirizana."

"Munanena ndinu, ine sindinavomere. Muli zithunzi za anthu muno. Aliyense akatenga chake, ndidzakuimbirani ndekha."

"Zimenezo zitha liti?"

"Sindikudziwa. Ndikulemba ndi chala chimodzi."

Mbali inayo anadula foni. Aphunzitsi anakopera chithunzi cha mwana uja mu fulashi, anadzuka, n'kupita ku shopu kuja, ndipo anapempha wotsuka zithunzi kuti achiike mu envulopu iwo asanachione.

Atelala anafika dzuwa litapendeka. Anakhala pa mpando womwe uja, envulopu ili pamwendo, osaitsegula msanga. Kenako anasolola chithunzicho pang'onopang'ono.

Kamnyamata ka malaya a mizeremizere kanaima pafupi ndi khoma, kakuseka, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Atelala anachiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Ndi iyeyu," anatero. "Kolala iyi ndinasoka ndine."

Kenako anachiyandikizitsa kumaso. Paphewa la mwanayo panali dzanja la munthu wamkulu, mwini wake ali kunja kwa chithunzi.

"Apa panalibe kanthu, mayi. Madzi anadya ngodya yonseyi. Ndinawauza a Kadontho kuti tsiku limenelo ndinamugwira paphewa kuti asathawe wojambula, koma dzanjalo linapita ndi madzi. Ndiye anati, 'Tayikani dzanja lanu patebulopa, mayi, ndiyese kamera yangayi ngati ikuona bwino.' Ine ndinangoika. Sindinafunse."

Aphunzitsi anawerama kuti aone. Silinali dzanja la mtsikana. Linali ndi makwinya ndi mitsempha yotukuka, ndipo chikhadabo cha chala cholozera chinali chong'aluka pakati, pomwe singano ya makina inadutsa kalekale.

Atelala anatambasula dzanja lawo pambali pa chithunzicho. Amayi awiriwo anayang'ana manja awiri aja.