Mchere wa Mayi a Pitala

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, amuna ambiri a m'mbali mwa nyanjayo anasokonekera mitu. Sindikuwanena chipongwe ayi. Munthu amene moyo wake wonse amadzuka n'kulowa m'bwato, ukamulanda madzi nzeru zimayamba kuyenda zokha. Mabwato anagona chafufumimba pamatope ong'aluka, maukonde anadyedwa ndi makoswe, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi ngati akupita kudimba. Ena anathawira ku Malombe kukapha nsomba za eni ake, ena anayamba kuluka mphasa. Medson, mwamuna wa Jenifa, anadzala chamba.

Anachidzala mkatikati mwa njedza, kutsidya kwa dambo, kumene ngakhale ayufi ofunsa makadi a chipani sankafikako poopa njoka. Mbewu anamupatsa ndi munthu wina wa ku Songani amene analonjeza kudzagula chonse chikakhwima. Pambali pa kamundako Medson anakumba kachitsime kolekeza m'chiuno, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Jenifa nkhaniyi ankaidziwa ndipo inkamunyansa, koma m'nyumba munali njala, ndiye anangosunga pakamwa. Iye ankagwira ganyu ku Likangala, kumene ankakumba ngalande za sikimu ya mpunga, kusenza dothi pamutu mwana wake Pitala ali kumsana.

Tsiku lina anamupititsira mwamuna wake mbatata yophika kunjedzako. Mbewu zinali zitafika m'mawondo, zobiriwira bwino. Anagwira tsamba limodzi, analinunkhiza, anakwinya mphuno n'kubwerera kumudzi. Tchimo lake lonse linali limeneli basi.

Posakhalitsa masamba anayamba kupindika. M'mphepete mwake munauma ngati mwawauka ndi moto, nsonga n'kukhota ngati zala za nkhuku yakufa. Medson anawonjezera madzi, masamba anapindikiratu. Anathira manyowa a mbuzi, palibe chinasintha. Atasowa pogwira anapita kwa mlongo wake Emma, amene anakwatiwa mudzi woyandikana nawo, mayi amene chibadwire sanayankhepo funso ndi mawu akuti sindikudziwa.

"Achimwene, mbewu imeneyo siifuna munthu wotentha," anatero Emma. "Alamu anga aja anafikako?"

Kwathu kuno aliyense amadziwa zimene akuluakulu amanena: mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina amakhala wotentha. Akathira mchere m'ndiwo amamudula mwamuna wake, miyendo n'kutupa, ndipo akagwira mbewu yanthete imapsa. Medson anakumbukira tsamba limene Jenifa anagwira lija. Ndipotu chinamukomera, chifukwa n'chapafupi kukhala ndi mkazi woipa kusiyana n'kuvomera kuti msodzi sadziwa kulima.

Madzulo ake Jenifa ataika mbale ya nkhwani pamphasa, mwamunayo anaikankha ndi phazi.

"Wathira mchere ndani umu?"

"Funso lanji limenelo, bambo a Pitala? M'nyumba muno muli mkazi wina?"

"Sindidya. Sindifuna kutupa miyendo ine. Tandiuza, kapitawo wa ku sikimu uja Edwadi amakupatsa bwanji ganyu tsiku ndi tsiku, akazi anzako akubwezedwa? Umalipira chani?"

Jenifa anamva thupi lonse kuzizira, kenako kutentha. "Ndimalipira khosi langali! Tabwerani mugwire muone mmene latupira ndi dothi la ku sikimu, kuti inu mudye!"

"Chamba changa chapsa chigwirire iwe. Mbewu siinama."

Kuyambira pamenepo Medson ankakadya kwa Emma. Mkamwini kudutsa mudzi wonse masanasana kukadya kwa mlongo wake, nanga pafunikanso wina wolengeza? Emma naye sanagone. Za chamba sanatchule, ankangouza akazi pachitsime kuti achimwene ake aona chizindikiro, ndipo chizindikirocho n'chosakayikitsa. Anthu anasiya kunena kuti mayi a Pitala, anayamba kunena kuti uja wa kapitawo. Koma chimene chinamulasa Jenifa koposa ndi Alice, mnzake woyandikana naye nyumba, amene kwa zaka ankangolowa osaodira n'komwe kudzapempha kamchere. Alice anayamba kulambalala khomo la Jenifa, kukapempha mchere nyumba yachitatu. Ngakhale atsibweni ake a Jenifa, a Gerishomo, mkulu wa mpingo amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo, anamuitanira kuseri n'kumunong'oneza kuti ngati pali kanthu angovomera, Mulungu amakhululuka. Anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse kuti adzakhale pansi mwezi ukaoneka.

Jenifa sanalire. Anakwiya, mkwiyo wosagonetsa tulo uja. M'mawa wina anajomba kuganyu, anamanga Pitala kumsana n'kulunjika kunjedza. Medson atamuona anaimirira ndi chidebe m'manja.

"Wabwera kudzamaliza zotsalazi?"

"Ndabwera kudzaona mboni yanu. Si mwati mbewu siinama? Ndiifunse ndekha."

Anagwada pamzere. Anatembenuza masamba kufuna nsabwe zimene zimakwinyitsa mpiru kudimba, sanapeze ngakhale imodzi. Anapisa chala m'dothi, linali lonyowa mpaka kunanda. Si ludzu, si tizilombo. Kenako anaona patsinde pa mbewu iliyonse, pamene madzi amaumira, kadothi koyera ngati pawazidwa ufa. Mwana wa m'mbali mwa Chilwa sangafunse kuti n'chiyani. Chinali chikungu, dothi lamchere limene mayi ake ankakokola kudambo n'kutcheza mchere masiku amene wa m'sitolo unkasowa. Anapita pakachitsime kaja, anatunga madzi ndi dzanja n'kulawa. Analavula.

"Munayamba mwamwapo madzi awa?"

"Ndimwe madzi a m'matope ine? Akumwa ndimabwera nawo m'botolo."

"Nyanja yathawa, mchere wake yausiya pansipa. Tsiku lililonse mumathira mchere mbewu zanu ndi manja anuwo, ndiye mukuti wotentha ndine!"

"Usandiphunzitse. Wagwidwa, ukusaka pothawira."

"Chabwino. Mizere iyi ya kumtunda ndi yanga kuyambira lero. Ndiziithirira ine, ndi manja otenthawa, madzi a mu mtsinje wa Likangala. Inu pitirizani ndi chitsime chanu. Ngati ndinagona ndi Edwadi, zanga zife."

Kuchokera pamene Likangala anali ndi madzi kukafika kunjedza ndi mtunda woti mwamuna wonenepa angapume kawiri. Jenifa ankauyenda ndowa pamutu mwana kumsana, kupita n'kubwerera. Ganyu anamusiya, ndipo akazi pachitsime anati kapitawo wamutaya. Anayamba wapala kadothi koyera kaja, kenako n'kumakhuthula madzi ambiri kuti mchere utsikire pansi. Mbewu iliyonse ankaigwira dala, tsamba ndi tsamba, Medson akuona. Tsiku lina ayufi awiri a malaya ofiira anamuimitsa panjira, anaona khadi lake n'kufunsa kumene akupita ndi madzi. Anati kudimba la maungu. Ankadziwa kuti chamba sichisankha wodzala ndi wothirira, onse ndi kundende.

Masamba akale sanawongoke, opsa ndi opsa basi. Koma kunsonga kwa mbewu za Jenifa kunatuluka masamba atsopano, otambasuka bwinobwino ngati chikhatho. Mizere ya Medson inali itasanduka zitsotso zofiirira. Ngakhale wakhungu akanasiyanitsa pongopapasa.

Tsiku lokumana ankhoswe lili mawa, Medson anaima pakati pa mizereyo n'kuseka mokondwa.

"Aaa, ndiye analidi madzi eti! Mkazi iwe uli ndi mutu. Mawa uyambe kuthiriranso izi, mwina zina zidzuka. Wa ku Songani uja akabwera ndikugulira chilundu."

Jenifa anadikira. Ankayembekeza mawu amodzi okha, koma munthuyo anali kalikiliki kuwerenga nthambi.

"Nanga dzina langa?"

"Dzina lako latani?"

"Mawa kwa atsibweni mukanena chani?"

"Ndikanena kuti nkhani yatha, ndakukhululukira. Ndiyambanso kudya kunyumba, anthu aiwala."

"Mwandikhululukira chani?"

"Iwe, ganiza bwino. Ndikanene kuti ndinalakwa, akandifunsa kuti chizindikiro chija chinali chani, ndikati chamba? Pamaso pa mkulu wa mpingo, tcheyamani wa chipani nyumba yake ili pomwepo? Ukufuna ndikafere ku Zomba? Mawu ndi mphepo, mayi a Pitala. Zipirire."

Apa m'pamene Jenifa anamudziwa bwino mwamuna amene anamuberekera mwana. Kukhululukidwa! Ndiye kuti mpaka imfa adzakhala hule amene mwamuna wake anamumvera chisoni, ndipo Pitala akadzakula anzake azidzamuyang'ana mphuno kuti aone ngati ikufanana ndi ya kapitawo. Khosi lonse lija, mtunda wonse uja, umboni n'kutsala m'njedza kumene ungaonedwe ndi achule okha. Anangotola ndowa yake.

Mawa lake anthu atatuluka m'tchalitchi, ankhoswe anakhala pabwalo la a Gerishomo. Emma analipo, atakhala mwendo uku mwendo uku ngati mwini mudzi. Akazi ena anali ataima chapatali, akunamizira kupeta. Medson anali atayamba kale kuyankhula ndi mawu ofatsa a munthu wachifundo pamene Jenifa anatulukira, dengu pamutu, chikho m'manja. Anatula dengulo pakati pa bwalo n'kuvundukula chitenje. Munali mbewu ziwiri zozulidwa ndi mizu yomwe, ina yopindika ndi yopsa, ina yobiriwira.

A Gerishomo anadzuka ngati akhalira minga.

"Mwana iwe! Wabweretsa chani pakhomo panga?"

"Chizindikiro chija, atsibweni. Mwakhala mukuchimva, lero muchione. Ichi chopsachi amathirira bambo awa ndi madzi a m'chitsime chawo. Chobiriwirachi ndathirira ine, hule uja, ndi madzi a mu Likangala." Anatembenukira kwa Emma n'kumulozetsa chikho kukamwa. "Alamu, inu odziwa zonse, talawani madzi a achimwene anu."

Emma anakana, koma maso onse anali pa iye. Anapsontha pang'ono, nkhope n'kukwinyika, analavulira pambali.

"Muuzeni aliyense, muli chani?"

"Mchere," anatero Emma ndi mawu a pansipansi.

"Kwezani mawu! Pachitsime paja simunkanong'ona!"

"Muli mchere!"

Chikho chinayenda dzanja ndi dzanja, nkhoswe aliyense kulawa n'kulavula. Jenifa anaima pamaso pa mwamuna wake. "Tsopano ndikhululukireni, anthu akumva." Medson anayang'ana mbewu zija, anayang'ana kunyumba ya tcheyamani. Ananyamuka ngati akupita kuseri kukataya madzi, ndipo sanabwererenso. Ana oweta mbuzi anamuona akudula matope kulowera ku Chisi, nsapato m'manja.

A Gerishomo anakwirira mbewu zija kudzala msangamsanga n'kupempha aliyense kuti asunge pakamwa. Koma masiku amenewo khutu la chipani linali paliponse, ndipo pabwalopo panali anthu ochuluka. M'mawa mwake ayufi anafika ndi wapolisi mmodzi. Anakatentha kamunda konse, kenako anabwera pakhomo pa Jenifa. Atamufunsa ngati ankadziwa za mundawo, a Gerishomo anamutsinzinira diso kuti akane, aponyere zonse wothawayo.

"Mizere yobiriwira ija ndathirira ine, ndi manja angawa," anatero Jenifa. "Mukalembe choncho."

Akanakana bwanji? Kukana kukanakhala kubweza zonse zimene ananena dzulo lake. Wapolisi uja anamuuza kuti atenge chofunda, ulendo wa ku Zomba. Mudzi wonse unali utasonkhana. Jenifa akumanga Pitala kumsana, anamva wina akuodira pakhomo. Anali Alice, atatambasula dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi a Pitala," anatero mokweza kuti aliyense amve, "musanapite, tandigawireniko kamchere. Ndiwo zanga zili pamoto."

Jenifa anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo mkwiyo unali usanathe. Wapolisi anati afulumire. Jenifa analowa m'nyumba, anatenga kachitini ka mchere, anatapa ndi zala zake n'kuthira m'chikhatho cha Alice. Alice ananyambitako pomwepo anthu onse akuona. Kenako Jenifa anakhoma chitseko, anasenza chofunda chake n'kutsogola, ayufi akumutsatira pambuyo.