Therere la Pamiyala

Maso atayamba kumukana, ulusi osalowanso pasingano, Telala anavindikira makina ake ndi nsalu n'kubwerera kwawo. Anapeza munda wa malemu bambo awo atagawana kale. Mkulu wake anatenga kumunsi, mbali ya mtsinje. Iye anamusiyira kumtunda, kudothi lofiira la timiyala, loti khasu likamenya limalira ngati belu.

"Mphwanga, kumeneko ngakhale mbuzi zimangodutsa," anatero mkulu wakeyo. "Udzalako chiyani?"

"Therere, achimwene."

"Bola miyala, imamera yokha."

Zaka zapitazo Telala ankasokera mathalauza mlangizi wina wa zaulimi, munthu wolongolola, amene ankati akabwera kudzayesa zovala sankachoka msanga. Pa zambiri zimene ankanena, Telala anagwirapo ziwiri: therere silifuna kupanikizana, ndipo dothi losauka silifuna kukhala lamaliseche.

Mvula itagwa, anatenga tepi yake yoyezera. Manambala sankawaonanso bwino, choncho mkazi wake ndiye ankamuwerengera. Anadula timitengo tiwiri, kakatali koyezera mpata wa mizere, kakafupi koyezera mapando. Ankayenda chowerama, kuyeza, kukumba, kuyezanso.

"Mpata wonsewu mukusiyira ndani, bambo? Kukubwera alendo?" anafunsa mkazi wake.

"Malaya othina amang'ambika, mayi."

"Awa si malaya."

Mayiyo anadzipatulira kangodya kake, nawazamo mbewu mothithikana monga anazolowera. Telala anamusiya.

Therere litamera, anapatulira n'kusiya mtengo umodzi paphando. Kenaka anayamba ntchito yomweta udzu m'mbali mwa phiri. Masabata awiri anasenza mitolo, msana kuwawa, manja kuchekeka. Ankayala udzuwo pakati pa mizere, wochindikala ngati chikhatho, osaugunditsa kutsinde. Unatha asanafike mizere itatu yakumapeto. Chiswe chinalowa n'kuyamba kudya udzu. Anachiyang'anitsitsa masiku angapo, ataona kuti mbewu sichikuzikhudza, anangochileka.

Ndiye kunabwera ng'amba. Masabata atatu kumwamba kunali mbee. Kangodya ka mayi kaja kanatalika msanga, timitengo toonda ngati miyendo ya udzudzu, kenaka kanafota n'kuyoyola masamba. Mizere itatu yopanda udzu inapsereranso. Kwinako masamba ankagwa mphwayi masana, m'mawa n'kudzukanso. Telala ankapisa dzanja pansi pa udzu n'kupeza dothi lozizira, lonyowa pang'ono. Sanakondwere kwambiri, sanadandaulenso. Ankangopukuta dzanjalo pathalauza n'kupita pamzere wina.

Tsiku lina anapeza mkazi wake akuzula zouma m'kangodya kake.

"Musanene kanthu," anatero mayiyo osatembenuka.

"Ndanena chiyani?"

"Ndakumvani kupuma kwanu."

Mvula itabwerera, maluwa achikasu anatuluka. Therere linabereka, osati modabwitsa, koma mosalekeza. Ankathyola podumpha tsiku limodzi, lisanakhwime, iye akudula ndi lumo lake la nsalu, mkazi wake atavala masokosi m'manja poopa kuyabwa. Lina ankadya, lina mayiyo ankakagulitsa kumsewu, lina anadula n'kuyanika. Mlamu wa Telala, mkazi wa mkulu wake wa kumunsi uja, anabwera kawiri ndi beseni, akuti akungodutsa.

Chilimwe chitafika, Telala anasiya mitengo khumi yonenepa kuti ikhwimitse mbewu. Anathyola zouma Lachiwiri, n'kuzisunga m'chitini. Lachinayi masana wina anayatsa tchire kuseri kwa phiri. Mphepo inali yamphamvu. Moto unalowa m'munda n'kunyambita udzu wonse wophimbira, pamodzi ndi wa m'phiri umene ankayembekezera kudzamweta. Amene anayatsa sanadziwike.

Telala anaima paphulusa nthawi ndithu, manja kumbuyo. Kenaka anakatenga khasu n'kuyamba kulambula mphepete mwa munda, ngakhale panalibenso choti chipse.

M'mawa mwake anakwera njinga kupita kuchigayo cha mpunga. Kuseri kwake kunali mulu wa mankhusu wotalika kuposa munthu.

"Amenewa mumatani nawo, bwana?" Telala anafunsa mwini chigayo.

"Timatentha. Bwanji, mumaweta nkhuku?"

"Ayi, ndi ofunditsa dothi."

Mwini chigayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anakweza mapewa.

"Tengani, achikulire. Koma matumba mubwere ndi anu."

Telala anabwerera kunyumba, navundukula makina aja, n'kuyamba kulumikiza matumba akale a feteleza. Ulusi anamulowetsera ndi mkazi wake.