Dzina la Pansi pa Mtsuko

Elof anagwira ntchito yodula maluwa pa magalasi zaka makumi anayi ndi chimodzi, pa fakitale ina ya m'chigawo cha Småland. Tsiku lomwe eni ake anazimitsa ng'anjo, anathokoza wantchito aliyense ndi mbale imodzi yagalasi. Imene analandira Elof inali yoti anaidula yekha. Kumudzi kwawoko magalasi sanali nkhani: ena ankasungiramo misomali, ena ankamwetseramo agalu, ndipo mayi wina ankatsekera chitseko cha khola ndi mtsuko wolemera ngati mwala.

Choncho mwana wake Pontus ataimba foni kuti abwere ku Stockholm adzaone nyumba yatsopano, n'kuwonjezera kuti Ylva, mkazi wa Pontusyo, wayamba kusonkhanitsa magalasi akale, Elof anati, "Akufuna angati? Ndidzaze thumba?"

"Osati amenewo, bambo. Enieni."

"Ooh. Athuwa ndi amatabwa eti?"

Anakwera sitima Lachisanu atavala jekete yake ya kumaliro. Nyumbayo inali pansanjika yachisanu, yoyera mbee ngati chipatala. Khoma lililonse linali ndi mashelefu, shelefu iliyonse inali ndi kanyali kake, ndipo pa kanyali kalikonse panakhala galasi limodzi lokha, lodzikuza ngati bwana woyembekezera moni. Abuluu anali kuwindo, ofiira pafupi ndi chitseko. Pambali pa lililonse panali kapepala kolembapo dzina la mmisiri ndi chaka. Pabalaza mipando inalipo iwiri, koma inkaoneka kuti nayonso inabwera kudzaonera.

Elof anatambasula dzanja kuti anyamule kambale kena.

"Chonde musagwire, a Elof," anatero Ylva mofulumira. "Zala zimasiya mafuta."

Elof anayang'ana zala zake, zokhota ndi zodzaza zipsera, n'kuziika m'thumba. Madzi anampatsa m'kapu yadothi.

Mawa lake masana kunabwera alendo. Wamkulu wawo anali Birger, wogulitsa zinthu zakale, bambo wovala sikafu m'nyumba motentha. Ndiye ankalangiza Ylva zoti agule ku okushoni, kumsika wopikisana mitengo. Ylva anamugwira Elof pa phewa n'kumutembenuza kuti alendo amuone bwino.

"Awa ndi apongozi anga. Wantchito weniweni wa pa ng'anjo!"

"Zoona?" anatero Birger. "Anthu ngati inu mwatsala ochepa."

"Tikuyesetsa kutha," anayankha Elof.

Anakhala pa tebulo kudya mbatata ndi nsomba zoviika m'viniga. Birger anatenga nthawi yonseyo kufotokozera Elof mmene galasi amalidulira: kuti pamakhala mwala wozungulira, kuti amathirapo madzi, kuti pamafunika dzanja lodekha. Elof ankagwedeza mutu ngati wamva zachilendo, n'kufunsa ngati madziwo amakhala onyowa. Pontus anamuponda phazi pansi pa tebulo.

Atamwa khofi, Ylva anati tsopano aone chenicheni. Anawatsogolera kuchipinda chomwe chikanakhala chogona alendo, chifukwa chake Elof anagona pa kabedi kopinda pafupi ndi makina ochapira. Pakati pa chipindacho, pa kachipilala koyera, panali mtsuko wobiriwira, wokhuthala, wotalika ngati mkono. Mozungulira anadulapo mabango owerama ndi mphepo. Bango limodzi, m'malo mowerama ndi anzake, linathawira cham'mbali.

Ylva anavala magolovesi oyera, n'kupendeka mtsukowo kuti aone dzina lokandidwa pansi pake.

"Osvald Rehnmark," anatero Birger motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. "Palibenso wina wofanana ndi uwu. Taonani bango ili lapatukali. Chaka chimenecho mkazi wake anali atangomwalira. Apa mmisiri sanadule galasi ayi, anadula mtima wake. Chimene mukuona apachi ndi chisoni."

Alendo anapuma mozama. Mayi wina anagwira pachifuwa.

Elof sanafunike magolovesi. Mtsukowo anauzindikira ali pakhomo, monga munthu azindikirira mayendedwe a m'bale wake pagulu. Rehnmark ameneyo Elof ankamudziwa bwino: bambo wojambula pa pepala, wobwera ku fakitale kawiri pa mwezi, woopa kutentha kwa ng'anjo kuposa mmene mphaka amaopera madzi. Mwala wodulira sanaugwirepo. Elof anaganiza zongokhala chete. Akanakhaladi chete Birger akanapanda kumutembenukira.

"Inu ogwira ntchito zamanja mwina simunkazindikira kuti mukukhala pafupi ndi munthu wamkulu chonchi."

"Tinkazindikira," anatero Elof. "Ankatiuza yekha. Koma chisoni mukunenacho ndi ichi chaima apachi, chakhuta mbatata." Analoza Pontus.

Onse anamuyang'ana Pontus, yemwe anali akutokosa m'mano.

"Mtsukowu ndinadula ine. Linali Lachiwiri m'mawa. Ndili pakati pa bango limenelo, munthu anakuwa pakhomo kuti mkazi wanga wachira, mwana wamwamuna. Dzanja linaterereka. Kapitawo anati uponyedwe ku zosweka, ubwerere mu ng'anjo."

"Nanga dzinalo?" anafunsa Ylva. Mawu ake anali atachepa.

"Ndi Sixten, mnzanga wa pa mwala woyandikana nane. Zokanidwa ankazizembetsa pa fakitale m'chikwama cha chakudya. Kunyumba ankakandapo dzina la Rehnmark, ndiye nyengo yotentha ankagulitsa kwa alendo a ku Germany m'mbali mwa msewu. Yang'ana pambuyo pa chilembo chomaliza. Pali kadontho. Sixten kusukulu anangogwirako chimodzi, choti ukamaliza kulemba uziika kadontho."

Ylva anayang'ana. Kadonthoko kanalipo.

Birger anaseka kuseka kwa munthu woleza mtima, n'kunena kuti ukalamba umasakaniza zinthu, ndipo akatswiri atatu anauona mtsukowo. Elof anati akatswiriwo awapatse moni. Ylva anaubwezera mtsukowo pamalo pake, anavula magolovesi chala chimodzichimodzi, n'kupita kukhitchini. Kunamveka mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali. Alendo anakumbukira onse pamodzi kuti ali ndi kwina kopita.

"Bambo, zinali zofunika zimenezi?" anafunsa Pontus.

"Ndinafunsidwa."

"Palibe anakufunsani."

Elof anabwerera ndi sitima ya m'mawa. Ankayembekeza kuti m'njira adzikomedwa ndi nkhope ya Birger, koma chimene chinkabwerabe m'mutu mwake chinali phokoso la mpopi uja. Atafika anathirira tomato wake, n'kumauza kuti choonadi ndi choonadi. Tomatoyo sanamutsutse, koma sizinathandize.

Patapita masabata atatu, galimoto inaima pakhomo pake. Anali Ylva yekha. Pampando wakutsogolo panali chinthu chokulunga m'thawulo, chomangidwa lamba ngati mwana.

"A Sixten ali moyo?" anafunsa asanapereke n'komwe moni.

"Anali moyo Lamlungu. Sindinamve belu la maliro."

"Ndiperekezeni."

Elof anakhala kumbuyo, popeza kutsogolo kunali mwini malo. Anadutsa nkhalango ya paini. Atayandikira tauni, Ylva anayamba kulankhula maso ali pamsewu. Anati kwawo, m'kanyumba ka lendi mumzinda wa Örebro, zonse zinali zapulasitiki, chifukwa bambo ake akaledzera ankaswa chilichonse chosweka. Galasi lake loyamba anagula ali ndi zaka makumi atatu, ndipo analibisa m'kabati miyezi iwiri asanalimbe mtima kuliika poyera.

Elof anasakasaka mawu oti anene, koma onse amene anali nawo anali akuthwa. Anangoti, "Ukhote kumanzere."

Sixten ankakhala ku nyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa fakitale yotsekedwa ija. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi zinayi, mano atatu, ndi bulangete pa mawondo. Ylva atamasula thawulo, mkuluyo anaomba m'manja.

"Taona, Elof! Wa tsiku la mwana wako uja! Wayenda bwanji? Ndinaugulitsa kwa dokotala wa mano wa ku Hamburg. Anandiwonjezera ndi paketi ya fodya."

"Ndiye mukuvomera?" anatero Ylva.

"Kuvomera? Mayi, zaka zonsezi ndakhala ndikudikira munthu woti andiyamikire. Taonani R ameneyo. Rehnmark mwini wake sankamulemba bwino chonchi, makamaka akamwa mowa pa nkhomaliro."

"Munalemba angati?"

Sixten anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda. "Nyengo zotentha khumi ndi zinayi. Chikwama chinali chachikulu. Kaya. Wina ndinauona m'buku, tsamba lonse lake, ndi mawu ambirimbiri pansi. Akuti ukuonetsa kusungulumwa kwa munthu wa kumpoto. Unali wa Elof womwewo, tsiku lomwe anali ndi chimfine."

Ylva anakhala pa bedi la Sixten. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Elof anaganiza kuti basi, wayambanso kulira ngati tsiku la mpopi lija. Koma anali kuseka, kuseka koipa, kotulutsa mamina, mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Sixten anapezerapo mwayi wopempha namwinoyo khofi wa anthu atatu ndi mabanzi, poti kwabwera kasitomala.

Asananyamuke, Sixten anafunsa ngati mayiyo angakonde kuti awonjezere chaka pansi pa dzinalo, chifukwa dzanja likadali bwinobwino. Ylva anati zikomo, zakwana.

Pobwerera Elof anaunyamula mtsukowo pamiyendo, kutsogolo. Anaupendeka kuwindo n'kumayang'ana mabango aja. Kupatula limodzi lija, enawo anali olunjika bwino, akuya mofanana, ndipo anadabwa kuti anali ndi dzanja lotere ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ena aja m'nyumba muja," anatero Ylva, "munawaona onse?"

"Ndinali ndi nthawi. Kugwira kunali koletsedwa, koma kuona ayi."

"Alipo ena a Sixten?"

"Awiri."

Ylva anachepetsa liwiro. "Ati?"

"Ukufuna ndikuuze?"

Anayenda mtunda ndithu. Anadutsa tchalitchi, anadutsa sitolo yotsekedwa, anadikira thirakitala kuti ipatuke.

"Ayi," anatero Ylva. Kenaka, "Si wofiira wa pakhomo uja eti?"

"Wati ndisakuuze."

"Musandiuze."

Mtsukowo unabwerera ku Stockholm tsiku lomwelo, n'kukakhalanso pa kachipilala kake. Kapepala ka pambali pake Ylva anakachotsa osaikapo kena. Alendo akafunsa kuti ndi wa ndani, amati ndi nkhani yaitali, n'kuwafunsa ngati akufuna khofi wina. Birger sanaitanidwenso, koma zikumveka kuti malonda ake akuyenda bwino kwambiri. Elof amaitanidwa kawiri pa chaka, masiku omwe kulibe alendo.