Miyendo ya Kakowa

Chithyoledwere msana ndi anyamata a chipani chifukwa chokakoka khoka tsiku la msonkhano, Omari miyendo yake inali mkazi wake, Zuleka. M'mawa uliwonse ankamubereka ndi chitenje ngati khanda, n'kutsetsereka naye kugombe la Chipoka. M'madzi mokha ndi mmene Omari ankaimirira ngati munthu: akamufika m'chifuwa, thupi linkapepuka.

Tsiku limenelo Zuleka anafika ali wefuwefu. Pathupi panali patakula, chiuno chili moto.

"Wamva za pawailesi?" anatero Omari ali m'madzi. "Azungu aponda mwezi. Ati kumeneko nthaka siikoka munthu ngati kuno. Chimdyomba chandevu chimalemera ngati kamwana."

"Pitanitu, a Omari. Sitima ili apoyo ikudikira inu."

"Wallahi, taganiza! Dziko lotero litakhala ndi zamoyo, fupa lolimba n'lachiyani? Anthu ake bwenzi ali tolotolo, miyendo ngati ya kakowa. Chinangwa bwenzi chikupitirira mgwalangwa, nkhuku zikuwoloka nyanja. Ine bwenzi ndikuyenda ndi manja okha, iwe ukundinyamula ndi chala."

Zuleka sanaseke. "Nanga anakumenyani aja? Iwonso bwenzi akudumpha mipanda ngati ziwala."

"Zibonga zawo bwenzi zili zopepuka."

"Bwenzi akumenya osatopa."



Dzuwa litakwera, Zuleka anawerama n'kumumangira kumsana. Ankadziwa kuti povuuka kulemera konse kumabwerera nthawi imodzi. Madzi anatsika m'chiuno, anatsika m'mawondo, kenaka ululu unamubaya kumunsi kwa mimba ngati mkondo. Onse awiri khu! pamchenga.

Asodzi amene ankasoka maukonde pafupi sanadzutse mitu. Munthu wodedwa ndi chipani sagwiridwa dzanja dzuwa likuswa mtengo. Amuna athunthu, ena anadyapo nsomba za m'bwato la Omari lomwe!

Zuleka anagwira mimba, misozi ili chuchuchu. Anadikira mpaka mwana anagunda, mofooka.

"Awiri sindingathe," ananong'ona. "Ndikhululukireni. Kunyanja ndiye kwatha."

Omari anamasula yekha mfundo ya chitenje. Anayang'ana chitunda chopita kunyumba, n'kuyamba kukwawa ndi zigongono, miyendo ikulemba mizere pamchenga ngati bwato lokokeredwa kumtunda. Kumadzi sanacheukeko.