Chidindo cha Teodoro m'Madzi a Mbuzi

Msilikali Pankrati anatha miyezi itatu akupempha tchuthi, mkulu wa asilikali a m'linga lawo asanavomere. Mwana wake woyamba ankayenera kubatizidwa Lamulungu, kumudzi kuseri kwa mapiri. Mkuluyo anapinda kalata ya chilolezo, naimanga ndi chingwe, nakanikizapo kachidindo ka mtovu: kwina dzina lake, kwina chithunzi cha Teodoro Woyera, wa ndevu zosongoka, mkondo m'manja. Popanda kalatayi, mlonda wa pampata wa mapiri akanamuyesa wothawa usilikali.

Masana anaima pachitsime cha mudzi wina wa m'njira kuti bulu wake amwe. Mayi wina wa m'mudzimo, Sofroniya, anaona kachidindoko kakulendewera palamba.

"Achimwene, si Teodoro uyo? Ndibwerekeni pang'ono, mbuzi yanga yatupa mimba."

"Mayi, uyu ndi wa nkhondo, sadziwa za mbuzi."

"Munthu anapha chinjoka alephere mbuzi? Ndingomuviika m'madzi basi, imwe."

Pankrati sankatha kukaniza munthu. Anapereka, natembenuka kumasula bulu. Pocheuka anapeza mayiyo waviika zonse m'mbale, woyera ndi kalata yomwe, akutakasa ngati phala.

"Mayo! Ndimati chidindo chokha!"

"Nanga mawu a bwana alibe mphamvu?"

Mbuzi inamwa, ikumuyang'ana Pankrati m'maso. Sofroniya anamupatsa nkhuyu zouma ndi tchizi. Pankrati anayanika kalata pamsana pa bulu, koma atasuzumira m'mbali anaona kuti inki yonse yasanduka mtambo umodzi wakuda.

Njira yonse ankayeserera zonena. Pofika pampata, anatsika pa bulu.

Mlonda, nkhalamba ya diso limodzi, anatenga kalata, nainunkhiza.

"Iwe, unawoloka nayo mtsinje uli chagada?"

"Bambo, kunali mbuzi..."

"Khala chete, ndione."

Mlondayo sanaimasule kalatayo n'komwe. Anatembenuza kachidindo padzuwa, nakapukuta ndi chala chachikulu.

"Ehe, ndi yemweyu, mphuno yophwanyika mbali imodzi. Ndamuuza bwana wako kangati kuti akonzetse chitsulo chake chodindira? Woyera akuoneka ngati anamenyedwa kumowa." Anapsompsona mtovuwo, nabweza kalata. "Kuwerenga ndinasiyira ansembe ine. Ukupita kukatani?"

"Kubatiza mwana, bambo."

"Ndiye waimiranji? Ukufuna akabatizidwe ali ndi ndevu?"

Pankrati anakwera bulu mofulumira, mpaka nkhuyu zinatayikira pansi. Mlondayo anawerama kutola, osamuitana.